Tsobola Wakale Amene Akuwawabe

Ku America kuli anthu amene amatha zaka zingapo ali m'galaja, kumanga galimoto yopanda denga, yopanda madigadi, yopanda ngakhale wailesi, pamene ndalama zomwezo akadagulira galimoto yatsopano ya mipando yawofuwofu. Galimoto yotere amaitcha hot rod. Kawirikawiri imakhala ya mtundu wa Ford, yopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe kapena itangotha, imene mwini wake adaivula zolemetsa zonse, naitsitsa kufupi ndi nthaka, naiikira injini yamphamvu koposa imene idabadwa nayo. Ikamabwera imamveka ili patali, imanunkha mafuta, ndipo mvula ikagwa woyendetsa amanyowa ngati wapanjinga. Ambiri akaiona amapukusa mutu, nanena kuti imeneyi ndi misala ya amuna okana kukula. Mlandu umenewu suyenera kuweruzidwa mothamanga, pakuti oneneza akuonadi zina zoona, komabe chenicheni akuchiphonya.

Chiyambi cha mwambo umenewu chidali umphawi. Chuma cha America chitagwa mu 1929, anyamata a kumwera kwa California adalibe ndalama zogulira magalimoto aliwiro a anthu olemera. Chotsika mtengo chidali magalimoto otha ntchito a Ford. Mtundu wa Model T wokha, umene udapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, udaposa magalimoto 15 miliyoni, motero zigoba ndi zipangizo zake zidali mbwee m'malo otayirako zitsulo. Mnyamata ankagula chigoba chimodzi, nazindikira msanga kuti kupeputsa galimoto sikulira ndalama, kumangolira sipanala. Ankachotsa madigadi, mabampala, denga lansalu, ngakhalenso galasi lakutsogolo. Atatero ankalowera ku chipululu cha Mojave, kumene kuli nyanja zouma monga Muroc ndi El Mirage, zosalala ndi zolimba ngati pansi pa nyumba yozira bwino, nakayesa liwiro kumeneko. Mu 1937 timagulu tawo tidagwirizana kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association, kuti pakhale oyesa nthawi ndi malamulo, popeza kuthamanga mwachisawawa m'fumbi lotseka maso kunkadzetsa ngozi.

Chaka chimene anthu a hot rod sachiiwala ndi 1932. M'chaka chimenecho Henry Ford adatulutsa galimoto ya mtengo wa munthu wamba yokhala ndi injini ya masilinda 8, oikidwa m'mizere iwiri yopendekeka ngati chilembo cha V. Kufikira nthawi imeneyo injini zotere zinkapezeka makamaka m'magalimoto a mabwana. Injini imeneyi, yodziwika ndi dzina loti flathead, idayamba ndi mphamvu ya akavalo 65, ndipo Ford adapitiriza kuipanga ku America mpaka 1953. Kunena zoona, idali ndi zilema zake. Mavalavu ake ali m'thupi la injini, pambali pa masilinda, osati pamwamba, kotero kuti mpweya ndi petulo zimayenda njira yokhotakhota polowa ndi potuluka. Utsi wotentha umadutsa m'kati mwa thupilo usanatuluke kunja, ndipo masilinda awiri apakati a mzere uliwonse amagawana khomo limodzi lotulukira. N'chifukwa chake injiniyi imakonda kubwatitsa madzi ake.

Koma zilema zomwezo ndizo zidaisandutsa sukulu. Mnyamata wofuna liwiro ankayenera kuyamba wadzifunsa kuti injini ikubanika pati. Akapeza, ankaika makabureta awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi. Ankapala njira za mpweya kuti zikule ndi kusalala. Ankasintha zivundikiro za pamwamba pa masilinda kuti mpweya uzipanikizika kwambiri usanayake. Chitsulo chimene chimatsegula ndi kutseka mavalavu, chimene amakaniko amati kamu, ankachipereka kwa mmisiri kuti achinole mwatsopano, mavalavu azikhala otsegula nthawi yotalikirapo. Tsono liwiro likakwera, vuto lina linkabadwa, pakuti magalimoto a Ford a 1932 ankagwira mabuleki ndi mikombero yazitsulo yokokana, ndipo ofuna moyo wautali ankakatola mabuleki amafuta a Ford ya 1939 kapena 1940 n'kuwamangirira. Chilichonse chimene mnyamata wachita, wotchi ya ku nyanja youma inkamuuza ngati waganiza bwino kapena ayi. Wotchi imeneyo sinkafunsa kuti bambo wake ndani, kapena kuti sukulu adalekera kalasi iti. Aphunzitsi a sayansi amene amadandaula kuti ophunzira saona phindu la phunziro la kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya angalingalire za kalasi imeneyi, imene ophunzira ake ankadzilipirira okha, nafika m'bandakucha popanda wowaimbira belu.

Ena mwa anyamatawo adadzakhala eni makampani. Vic Edelbrock, makaniko wa ku Los Angeles, adagula Ford ya 1932 m'chaka cha 1938, napanga yekha chitsulo chokhalirapo makabureta awiri. Anzake ataona liwiro lake adayamba kumpempha kuti awapangire, ndipo dzina lake lidasanduka dzina la kampani yotchuka. Ed Iskenderian adatchuka ndi kunola makamu. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali adabwerera kwawo atazolowera mainjini ndi kuwotcherera zitsulo, ndipo mmodzi wa iwo, Bill Burke, adaona kuti mathanki a mafuta amene ndege zankhondo zinkanyamula kumimba ali ndi maonekedwe oboola mphepo. Adatenga thanki, naiikira injini ndi matayala, nakhalamo. Alex Xydias, amene adatsegula So-Cal Speed Shop ku Burbank mu 1946, adatsata njira yomweyo. Mu Januwale 1948 Robert Petersen adatulutsa magazini ya Hot Rod, ndipo mu 1949 mipikisano idafika pa chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah.

Za ngozi palibe chifukwa chobisira. M'zaka zimenezo anyamata ena ankathamangitsana m'misewu ya m'mizinda usiku, ndipo anthu ankafa, osalakwa omwe. Dzina loti hot rod linkatchulidwa m'manyuzipepala pamodzi ndi mawu ngati upandu. Chofunika kukumbukira n'chakuti mankhwala adachokera pakati pa eni ake. Mu 1950 mipikisano idayamba kuchitikira pa bwalo la ndege ku Santa Ana, ndipo mu 1951 Wally Parks, mkonzi wa Hot Rod, adakhazikitsa National Hot Rod Association. Cholinga chake chidali kuchotsa mpikisano mumsewu ndi kuuika pa mtunda woyezedwa, kota ya mailo, ndiye kuti mamita 402, pamene galimoto iliyonse inkayamba yayenderedwa isanaloledwe kuthamanga. Wothamangitsa galimoto pakati pa anthu ndi chigawenga, kaya galimotoyo ndi ya 1932 kaya ya chaka chino, ndipo mbiri ya hot rod siingamuchotsere mlandu.

Zonsezi zikulongosola chifukwa chimene anthu ankamangira magalimoto amenewa kale. Funso lovuta ndi lakuti akumangiranji lero. Umphawi sindiwo, pakuti kumanga hot rod masiku ano kumadya ndalama zambiri. Liwiro silinso, pakuti magalimoto ambiri amakono angasiye Ford ya flathead m'fumbi, woyendetsa akumvera wailesi. Akale adati tsobola wakale sawawa. Nanga tsobola ameneyu akuwawabe bwanji?

Yankho lili pa kusiyana kwa kukhala ndi chinthu ndi kuchidziwa. Galimoto yamakono imayendetsedwa ndi makompyuta obisika m'kati mwake. Ikadwala, nyali imayaka kutsogolo kwa woyendetsa, ndipo mwini wake, ngakhale akhale waluso, amafunika makina owerengera matendawo, nthawi zina makina amene kampani yokha ndiyo ili nawo. Nkhani imeneyi idafika povuta mpaka anthu a m'chigawo cha Massachusetts adaiponyera voti mu 2012, naiponyeranso mu 2020, pofuna kuti amakaniko wamba aziloledwa kuona zimene makampani amabisa. Munthu amalipira galimoto mpaka kumaliza, komabe amakhala ngati mlendo m'nyumba yakeyake, amene saloledwa kulowa kuchipinda. Hot rod ilibe chipinda chotseka. Amene adaimanga adagwira bawuti iliyonse ndi dzanja lake. Injini ikatsokomola panjira, amamvetsera, nadziwa ngati vuto lili pa moto kapena pa mafuta, natsegula, nakonza ndi zida za m'kabokosi. Poyendetsa, chiwongolero chimalemera m'manja, giya iliyonse imafuna kuinyengerera, ndipo msewu wonse umamveka m'msana. Zimene wina angazitche mazunzo, mwini wake amaziwerenga ngati galimoto ikulankhula naye. Aliyense amene ali mwana adapinda waya kukhala galimoto, nailumikiza chiwongolero chachitali, nakana kusinthana nayo ndi chidole cha m'sitolo, akuudziwa mtima umenewu.

Palinso nkhani ya kukongola, imene osadziwa amaiona ngati kungodula zitsulo. Mmisiri akafuna kutsitsa denga amadula mizati yake, nachotsapo mainchesi angapo. Koma pa magalimoto ambiri mizati imapendekera m'kati, motero denga likatsika silikumananso ndi zotsalira za mizati. Liyenera kudulidwanso pakati, kutalikitsidwa ndi chitsulo china, kuwotchereredwa ndi kusulidwa mpaka msoko usaoneke. Kulakwitsa pang'ono, zitseko sizitsekanso, magalasi salowa. Imeneyi ndi jometri yochitidwa ndi nyundo. Chimodzimodzi kutalika kwa kutsogolo poyerekeza ndi kumbuyo, ndi kukula kwa matayala akumbuyo poyerekeza ndi akutsogolo: zonsezi mwini amaziyesa ndi diso, nabwerera m'mbuyo kukayang'ana, nasinthanso. N'chifukwa chake magalimoto otchuka a mtundu umenewu satchulidwa ndi dzina la Ford, koma ndi dzina la amene adawamanga. Anthu amati galimoto ya Doane Spencer, monga momwe mtondo wabwino umadziwikira ndi dzina la wosema.

Kulakalaka unyamata nakonso kulipo, ndipo filimu ya American Graffiti ya 1973, imene idaonetsa Ford yachikasu ya 1932, idadzutsa ambiri amene adali atataya zida. Komabe chikumbumtima cha zakale chokha sichingamsunge munthu m'galaja yozizira zaka zonsezo, ndipo sichilongosola za achinyamata amene amamanga magalimoto a nthawi ya agogo awo.

Pamene oneneza akulasa penipeni ndi pa ndalama. Chimene chidayamba ngati nzeru za amphawi chidakwera mtengo mpaka amphawi adatsekeredwa kunja. Zigoba zenizeni za 1932 zitayamba kusowa, makampani monga Brookville Roadster ya ku Ohio adayamba kusula zatsopano zofanana nazo, ndipo ena adapanga za pulasitiki yolimba. Mu 1997 chionetsero cha Pebble Beach, bwalo la magalimoto a anthu olemera kwambiri, chidalandira ma hot rod kwa nthawi yoyamba, ndipo galimoto ya Doane Spencer ndiyo idapambana. Ulemu umenewo udali woyenera, koma udasonyezanso kumene mphepo idalowera. Masiku ano alipo anthu amene amalipira amisiri kuti awamangire, nanyamula galimotoyo pa ngolo kupita nayo ku chionetsero, naitsitsa, naipukuta, naikwezanso isanatenthe n'komwe. Chikomekome cha mkuyu. Munthu wotere wagula maonekedwe a luso, ndipo injini ikazima amayang'ana uku ndi uku monga wina aliyense. Ngati misala ilipo, ili pamenepa, osati pa makaniko wa manja akuda.

Okonda kubwezeretsa magalimoto akale monga momwe adatulukira m'fakitale ali ndi dandaulo lawonso, loti wodula denga la galimoto yakale akudula mbiri. Dandauloli lili ndi mutu pamene galimotoyo ndi yosowa ndiponso yathunthu. Yotere iyenera kusiyidwa. Koma ma hot rod ochuluka adachokera ku zigoba zimene zinkaola m'tchire, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo popanda wozidula zikadasungunulidwa kalekale.

Mwambowu udawoloka nyanja. Ku Wales kuli gombe la Pendine, pamene Malcolm Campbell adathyola mbiri ya liwiro la pamtunda mu 1924. Kuyambira 2013 bungwe la Vintage Hot Rod Association lidayamba kuchititsa mipikisano pamenepo, ndipo limalola magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1949 okha. Mchenga wonyowa ndi mchere wa m'nyanja ndi adani a chitsulo chakale, ndipo wothamangitsa galimoto yake pamenepo amadziwa kuti akabwerera kwawo adzakhala masiku akutsuka ndi kupaka mafuta. Olinda utoto safikako. Amene amafika amayembekezera kuti madzi aphwere, nathamanga mmodzimmodzi pakati pa zizindikiro, woyesa nthawi akulemba, kufikira nyanja itabwerera kudzafafaniza mikwasa ya matayala.