Wofunsa za chitopa kachikhumi ayankhidwe ndithu

Kukayamba kutentha, m'makalabu a oweta nkhuku m'boma la Chiradzulu mumabuka mkangano womwe sukutha chaka ndi chaka, ndipo momwe ukukambidwira zikundinyong'onya. Akale pa ulimiwu akuti atopa ndi ongoyamba kumene, omwe amabwera ndi mafunso omwe aja. Nkhuku zanga zikufa, ndizimwetse chiyani? Katemera amapereka liti? Anapiye angakule ndi madeya okha? Ena mwa akalewa akufuna kuti wobwera kumene aziyamba wawerenga timapepala ta alangizi asanatsegule pakamwa, ena akuti azikhala chete kwa miyezi ingapo n'kumamvetsera akuluakulu. Omwe akuwatsutsa nawonso sakuthandiza kwenikweni, chifukwa chomwe akunena n'chakuti tonse tinayamba tili mbuli, choncho tizilezerana mtima. Mbali ziwiri zonsezi zikuitenga nkhaniyi ngati ya khalidwe, ya ulemu ndi mwano, pomwe ndi nkhani ya matenda. Maganizo anga ndinene poyambirira pomwe: funso la wongoyamba kumene liyankhidwe nthawi iliyonse lafunsidwa, ngakhale kachikhumi, ndipo liyankhidwe mokwanira. Woyankhayo sakuchitira mnzakeyo chifundo chabe, akuteteza khola lake lomwe.

Tiyambire pa chitopacho, poti ndiye mwini mafunso ambiri. Nthendayi, yomwe ena amati chideru, imayamba ndi kachilombo ka vayirasi ndipo ilibe mankhwala ochiza. Makapisozi a anthu omwe amasungunulidwa m'madzi akumwa, tsabola, phulusa, zonsezi sizipha kachilomboka. Chikalowa m'khola la nkhuku zosatemera chimatha kupulula pafupifupi zonse m'masiku ochepa. Chimayenda ndi chitosi, mamina, nthenga, mapazi a anthu, madengu ndi njinga za ogula nkhuku, komanso nkhuku yodwala yomwe mwini wake wathamangira nayo ku msika kuti apezepo kangachepe isanafe. Tsono taonani momwe nkhuku zathu zimakhalira kuno. Chiradzulu ndi boma laling'ono koma lodzaza, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000, ndipo nyumba zili mothithikana moti nkhuku za mabanja asanu zimapalasa pa dzala limodzi, kumwa pa chithaphwi chimodzi cha pa mjigo. Mayi yemwe wafunsa pa msonkhano kuti katemera amapereka liti, n'kuyankhidwa kuti zimenezo tinakamba kale, sadzafunsanso. Abwerera kwawo ndi manyazi, nkhuku zake zikhala zosatemera, ndipo zikadwala adzazigulitsa kapena kutaya zakufazo ku thengo komwe agalu adzazikokera kuseri kwa khola la katswiri uja anatopa ndi mafunso. Katswiriyo mwina zake zazikulu anatemera, koma bwanji anapiye omwe aswedwa sabata yatha, kapena misoti yomwe wagula dzana? Mphindi zitatu zomwe anakana kupereka adzazilipira ndi nkhuku.

Cholakwika chachiwiri cha akale ndi kuganiza kuti mawu akafanana ndiye kuti funso ndi lomwelo. Anthu khumi atha kunena kuti nkhuku zikufa, koma kuseri kwa mawuwo kuli mavuto osiyana. Woweta wodziwa ntchito yake sayankha msanga, amayamba wafunsa. Amayi, zomwe zikufazo ndi zazikulu kapena anapiye? Chitosi chake n'chotani? Zimagona kuti? Ngati chitosi chili chobiriwira, nkhuku yapinda khosi, ikupuma mobanika, mapiko agwa pansi ngati yavala jekete, ndipo za anansi nazo zikufa, pamenepo tikuganizira chitopa. Ngati chitosi chili ndi magazi ndipo akufa ndi anapiye ogona m'khola lonyowa, imeneyo ndi nthenda ina ya m'matumbo, yomwe mankhwala ake alipo. Ngati pali tizilonda pa lipombo ndi m'zikope, ndi nthomba. Ngati nkhuku yangofooka, yayera nkhope, ndipo kuzungulira maso kuli timadontho takuda, tsegulani nthenga muone utitiri. Nthawi zina anapiye amangofa ndi kuzizidwa mu Juni ndi Julaye, pomwe chiperoni chakuta phiri la Chiradzulu. Munthu woyankha zonsezi ndi mawu amodzi akuti tinakamba kale ndiye kuti sanamve n'komwe chomwe wafunsidwa. Choopsa n'chakuti yankho lachidule limasocheretsa: wongoyamba kumene akamva kuti chitopa mankhwala ake ndi katemera, amathamanga kukatemera nkhuku zomwe zadwala kale, zikafa n'kumauza mudzi wonse kuti katemera ndiye wapha nkhuku zake. Mphekesera yotereyi imagwetsa ntchito ya katemera m'mudzi kwa zaka, ndipo gwero lake ndi funso lomwe silinayankhidwe mpaka kumapeto.

Tisaiwalenso kuti ofunsawa ndi ndani. Akale amalankhula ngati ndi munthu mmodzi yemweyo amene akubwerabwera osamva, pomwe ndi anthu atsopano chaka chilichonse. Ndi mtsikana yemwe wangokwatiwa n'kupatsidwa thadzi ndi apongozi ake, mnyamata yemwe walemba mayeso a Fomu 4 ntchito osaipeza, mayi yemwe wagawana ndalama ku banki m'khonde n'kuganiza zogula misoti itatu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, minda ndi ziweto kuno, ndipo mudzi wa Ntauchila unagumukiridwa ndi matope ochokera m'phiri. Banja lomwe lataya zonse siliyambiranso pa ng'ombe ya mkaka, limayambira pa nkhuku, chifukwa ndiyo yotsika mtengo, imaswa pakangotha masiku 21 ikufungatira, ndipo siifuna munda. Katswiri amamva funsolo ka 50, koma kwa wofunsayo ndi koyamba, ndipo nkhuku zomwe akufunsirazo ndiyo fizi ya mwana wake.

Boma lathu lino lili ndi phunziro lake pa nkhaniyi, ku Mikolongwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma lakhala likuswetsa kumeneko nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, wochokera ku Australia, n'kumazigulitsa kwa alimi zili ndi masabata asanu ndi limodzi kuti zikakweze mtundu wa nkhuku zachikuda. Dzina lafala dziko lonse, aliyense amadziwa nkhuku za Mikolongwe, ndipo ntchito yomweyi inkachitikanso ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu. Koma akatswiri a ku Bunda omwe anaunika ntchitoyi anaona kuti zambiri mwa nkhukuzi zinkafa zikafika kumudzi, chifukwa cha matenda, kuperewera kwa chakudya ndi zilombo. Nkhuku inali yabwino, koma inkapita m'manja mwa munthu yemwe analibe womufunsa kuti mwanapiye woleredwa m'khola n'kutayidwa mwadzidzidzi pa bwalo pomwe pali akabawi amusamale bwanji. Nzeru sinkayenda pamodzi ndi nkhukuyo. Patatha zaka zoposa 60, kodi tikufuna kubwereza zomwezo mwadala, poletsa anthu kufunsa?

Akale aja akuti ongoyamba kumene akawerenge. Mfundoyi imamveka yanzeru mpaka utafunsa kuti akawerenge chiyani, kuti, ndipo ndani. Kalembera yemwe uja wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi, omwenso ndiwo eni nkhuku pakhomo. Buku lalikulu la unduna wa zaulimi, Guide to Agricultural Production, lili m'Chingerezi ndipo limakhala ku ofesi ya alangizi, osati m'nyumba za alimi. Magazini ya Za Achikumbi siifika khomo lililonse. Komanso pali zinthu zomwe pepala silingaphunzitse. Katemera wa I-2, yemwe anapangidwa koyamba ndi akatswiri a yunivesite ya Queensland ndipo kuno amakonzedwa ku labotale ya boma ya ziweto ku Lilongwe, amaperekedwa podontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse. Kulemba zimenezi n'kosavuta. Koma kagwiridwe ka nkhuku kuti isaphiriphithe, kaimitsidwe ka botolo kuti dontho likhale lokwana, kudikira kuti nkhuku iphethire musanaisiye, kukulunga botolo m'kansalu konyowa n'kuliika m'dengu kuti lisatenthedwe ndi dzuwa, zimenezi munthu amazidziwa poonera mnzake ndi pofunsa, mwina kawiri kapena katatu. Nawo a wailesi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pulogalamu ngati Ulimi wa Lero imabwereza uthenga womwewo nyengo yake ikafika, osachita manyazi kuti tinanena kale chaka chatha.

Pali dandaulo limodzi la akale lomwe ndi loona, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Kutopa kulipo. Mlimi wotsogola salandira malipiro, ali ndi munda wake, ana ake, maliro a kwawo. Mlangizi mmodzi wa boma amatumikira mabanja oposa chikwi, ndipo a zaziweto ndiwo ochepa kwambiri, moti katundu yense amagwera anthu awiri kapena atatu odzipereka m'mudzi. Komanso msonkhano ukathera pa mafunso a chiyambi, omwe anabwera kudzakambirana za msika wa mazira ku Limbe kapena kasakanizidwe ka soya ndi madeya amabwerera opanda kanthu, kenako amasiya kubwera, ndipo kalabu yotaya akatswiri ake yatha. Zonsezi n'zoona. Koma taonani komwe dandauloli likuloza. Vuto si kuchuluka kwa ofunsa, ndi kuchepa kwa oyankha. Mankhwala ake si kutseka pakamwa anthu, ndi kuchulukitsa manja.

Chiradzulu anachitapo kale zimenezi pa nkhani yaikulu kuposa nkhuku. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'boma lino, pa nthawi yomwe ambiri ankati kumudzi sizingatheke. Madokotala anali ochepa, ndipo wodwala aliyense ankabwera ndi mafunso omwe aja: ndizimwa nthawi yanji, ndikaiwala nditani, ndikayamba kupeza bwino ndisiye? Palibe anaganiza zouza wodwala wachikwi kuti funsolo linayankhidwa kale. Chomwe anachita ndi kugawa ntchito: anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono anayamba kupereka mankhwala, aphungu anaphunzitsidwa, ndipo omwe anali kale pa mankhwala anayamba kulangiza anzawo atsopano. Makalabu a nkhuku angachite chimodzimodzi popanda kudikira bungwe. Yemwe anafunsa za katemera chaka chatha ndiye aziyankha chaka chino, katswiri ali pambali kuwongola pomwe papindika. Amafotokoza bwino kuposa katswiriyo, chifukwa akukumbukirabe pomwe pankamusokoneza, ndipo pofotokozapo nzeruyo imakhazikika mwa iye mwini. Theka la ola loyamba la msonkhano likhale la ongoyamba kumene, lotsalalo la nkhani zozama. Palibe watayapo kanthu.

Nanga uja amafunsa, n'kuyankhidwa, osachita, n'kubweranso ndi funso lomwelo? Akale amamutcha waulesi, ndipo aulesi sangalephere kukhalapo. Koma musanamuweruze, funsani chomwe chinamulepheretsa. Botolo limodzi la katemera limakwanira nkhuku mazana, ndipo likatsegulidwa silichedwa kutha mphamvu. Munthu wa nkhuku zisanu ndi zitatu sangagule botolo lonse yekha, ndipo sangakwere njinga ya kabaza kupita ku Boma kapena ku Limbe kukalifuna pa mtengo woposa wa nkhuku imodzi. Akabweranso kudzafunsa kuti katemera amapereka liti, chomwe akufunsa kwenikweni n'chakuti kodi tisonkherana liti kuti titemere pamodzi. Funso lobwerezedwa ndi uthenga kwa atsogoleri a kalabu kuti pena pake sipanakonzeke. Anthu khumi akafunsa chinthu chimodzi m'mwezi umodzi, kalabu yanzeru siikwiya, imaitana wotemera, imauza a mfumu kuti alengeze tsiku, aliyense n'kubwera ndi nkhuku zake ndi kandalama kochepa ka pa nkhuku iliyonse. Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti lero ndi akuluakulu omwe akuphunzitsa achinyamata kusafunsa.

Choncho kwa inu atsogoleri a makalabu ku Thumbwe, Mombezi ndi Mbulumbuzi, ndi inu nonse omwe mwaweta nkhuku zaka zambiri, pempho langa ndi ili. Chitopa chimavuta kwambiri m'miyezi yotentha, ndipo katemera amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti ayambe kuteteza nkhuku. Musadikire kuti wongoyamba kumene abwere akulira ndi thadzi lakufa m'manja. Pa msonkhano wotsatira, muitaneni ndinu, mumufunse kuti ali ndi nkhuku zingati ndipo anazitemera liti, kenako mulembe dzina lake pa mndandanda wa tsiku la katemera.