Tisasainire kugonja mlandu usanayambe

Alimi anzathu, ngakhale nyakwawa sigamula mlandu isanamve mbali zonse ziwiri. Koma ku America kuli ndime imene obwereketsa ndalama amaika m'mapepala a ngongole, yotchedwa confession of judgment. Ukasaina, wavomereratu kuti tsiku limene mwini ndalama adzanene kuti walephera kubweza, iwe wagonja kale. Iye amangopita ndi pepalalo ku khoti, kalaliki n'kudinda, chigamulo chatuluka. Palibe samani, palibe kudziteteza. Umangodzidzimuka akaunti yako ya ku banki atayitseka.

Mu 2018 atolankhani a Bloomberg anaulula kuti kuyambira 2012 makampani okongoza amalonda ang'onoang'ono anatenga zigamulo zotere zoposa 25,000 m'makhoti a ku New York. Mu 2019 boma la New York linaletsa kugwiritsa ntchito ndimeyi kwa okongola okhala kunja kwa chigawocho.

Chimene chikutipweteka ife alimi ndi ichi. Bungwe la boma la FTC linaletsa ndimeyi kalekale mu 1985, koma pa ngongole za pakhomo zokha. Wokongola ndalama zogulira mipando ndi wotetezedwa, pamene wokongola zogulira mbewu ndi feteleza amamuyesa wabizinesi, ndipo lamulolo silimufikira. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2018 maseneta Sherrod Brown ndi Marco Rubio anapereka bilu yoletsa ndimeyi pa ngongole za bizinesi. Ife tikuti anaona bwino.

Oikira kumbuyo ndimeyi amati munthu amasaina yekha, palibe amene amamugwira dzanja. Kodi mlimi amene mvula yamugwera alibe feteleza angakane pepala liti? Kumeneko si kuvomera ayi, ndi kupanikizika. Ngongole ndi yobweza, sitikukana. Koma ngati wokongoza walakwitsa masamu, kapena sanalembe matumba amene tinapereka, tikanenere kuti?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nafenso kuno timadinda chala pa mapepala a Chingerezi a ngongole za fodya, thonje ndi soya. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wokamvedwa ku khoti. Tikupempha aphungu athu akhazikitse lamulo lonena mosabisa kuti ufulu umenewu sungalandidwe ndi pepala lililonse la ngongole.

Pakadali pano, musasaine muli nokha. Bwerani nalo pepalalo ku kalabu, tiliwerenge mokweza m'Chichewa, ndime ndi ndime, ndipo aliyense atsale ndi kope lake.