Ndege Yotera Pamadzi: Tiyambe Tachita Hayala

Pa nkhani zokopa alendo sipasowa munthu woimirira n'kunena kuti Malawi agule ndege yotera pamadzi. Amatchula zilumba za Maldives, kumene ndege za mtundu wa Twin Otter zimatula alendo pakhomo penipeni pa hotela, ndipo anthu amaomba m'manja. Ine sindiomba nawo. Nyanja yathu ikhozadi kupindula ndi ndege yotere, koma kuigula tisanaiyese n'kutaya ndalama za amphawi m'madzi.

Ganizoli si lachilendo. M'chaka cha 1949 kampani ya ku Britain ya BOAC inayamba kuteretsa ndege zake zikuluzikulu zam'madzi ku Cape Maclear, pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa. Anamanga hotela yolandirira alendowo. Pofika kumapeto kwa 1950 kampaniyo inasiya kugwiritsa ntchito ndege zotere, chifukwa zotera pamtunda zinali zachangu komanso zotsika mtengo. Chaka chotsatira, mu 1951, sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja. Ndege zija zinatha chaka chimodzi. Ilala, ndi ukalamba wake wonse, yanyamula usipa, simenti, ana asukulu ndi maliro kwa zaka zoposa 70. Amene akufuna kudziwa chimene nyanjayi imasowa ayambire pamenepo.

Sindikunena kuti ndege ilibe ntchito. Ku Likoma kuli bwalo la ndege, koma pa Chizumulu palibe. Ku Ruarwe galimoto safika, ndipo msewu wotsikira ku Usisya umavuta kwambiri m'dzinja. Mayi amene mimba yamupingasa m'malo otere moyo wake umadalira boti, mafuta ndi nyengo. Ndege ya mtundu wa Cessna Caravan yokhala ndi zoyandamitsira ziwiri, zomwe m'kati mwake muli matayala, itha kumunyamula pagombe n'kukamutula pa bwalo la ndege la ku Mzuzu kapena ku Lilongwe tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Bungwe la Mission Aviation Fellowship linagwira ntchito yotere kwa zaka zambiri m'mitsinje ya ku Bangladesh. Zimatheka ndithu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyanja ya Malawi si dziwe lotchingidwa ndi miyala ya korali ngati la ku Maldives. Ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo m'miyezi yozizira mwera umawomba kuchokera kummwera masiku angapo osapuma, n'kutukula mafunde oposa msinkhu wa munthu. Mphepo ya m'nyengo imeneyi ndi imene inamiza sitima ya Vipya mu July 1946, anthu 145 n'kumwalira. Ndege yaing'ono yotera pamadzi imalephera kutera pa mafunde osafika n'komwe mita imodzi. Usiku sitera pamadzi, pomwe matenda a amayi sayembekeza kuti kuche. Ngakhale tsiku limene nyanja yagona ngati galasi nalo ndi loopsa, chifukwa woyendetsa amavutika kuona kuti madzi ali pansi bwanji. Funso loti pa chaka ndi masiku angati amene ndege ingatere pa Chizumulu yankho lake silili m'kabuku ka wogulitsa ndege. Lingapezeke pokhapokha titayesa.

N'chifukwa chake ndikuti tichite hayala. Pali njira ziwiri. Ina mumabwereka ndege yokha, woyendetsa, makaniko ndi inshuwaransi n'kukhala zanu. Ina mwini ndege amabwera ndi zonsezo, inu n'kumalipira maola amene mwauluka ndi mafuta. Ife itiyenera ndi yachiwiriyi. Woyendetsa ndege yotera pamadzi amafunika chiphaso chapadera, ndipo luso lowerenga mafunde limabwera ndi zaka. Zoyandamitsira zija zimalemera, motero ndege imanyamula katundu wochepa, ndipo zimafuna kupopedwa madzi ndi kuyenderedwa pafupipafupi. Chitsulo chilichonse chikathyoka chimagulidwa ndi madola. Walira mvula walira matope: wogula ndege wagulanso zonsezi, kaya ndegeyo ikuuluka kaya yangokhala.

Ena ati hayala ndi yodula, ndipo ndalamazo zimapita kunja osasiya kanthu m'manja mwathu. Zoona, pa ola limodzi hayala imadula. Koma ife a Malawi tili ndi phunziro limene tinalilipira tokha. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linagula ndege ya pulezidenti ya mtundu wa Dassault Falcon pa mtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni, dziko la Britain n'kuchepetsa thandizo lake. Mu 2013 boma la Joyce Banda linaigulitsa pa madola 15 miliyoni. Mgwirizano wa hayala ukapanda kupindula mumangousiya utha. Ndege yogula ikapanda kupindula mumaidyetsa mpaka mutapeza wokuomboleni, ndipo iyeyo ndiye amatchula mtengo.

Mgwirizanowo ukhale wa chaka chathunthu kuti upyole nyengo ya mwera ndi ya mvula yomwe. Ulembedwe poyera kuti wodwala ndiye woyamba pampando, ndipo alendo a m'mahotela alipire mtengo wokwanira wothandiza kulipirira maulendo a chipatala. Nduna yofuna kukachititsa msonkhano pachilumba ikwere sitima. Mwini ndege aphunzitse achinyamata athu awiri kapena atatu. Pakutha pa chaka tiuzidwe tonse kuti maulendo angati anatheka, angati analephereka chifukwa cha mafunde, ndi odwala angati ananyamulidwa. Anzathu a ku Cóbuè ku Mozambique ndi a ku Mbamba Bay ku Tanzania amamwa madzi a nyanja yomweyi, ndipo akhoza kugawana nafe mtengowo.

Choposa zonse, tambala iliyonse ya ndegeyi isachotsedwe pa thumba la sitima, la madoko, kapena la maboti onyamula odwala. Ndege imanyamula anthu osakwana khumi pomwe Ilala imanyamula mazanamazana. Ngati ndalama zilipo za chinthu chimodzi chokha, tigule sitima yolowa m'malo mwa gogoyu, ndege idikire.