MAGETSI A MTSINJE UMODZI: GAWO LACHIŴIRI

M'gawo loyamba tidaona kuti chiyambire 1966, pamene makina a pa Nkula adayamba kuzungulira, magetsi ambiri a dziko lino akhala akuchokera mu mtsinje wa Shire. Tsono Shire ndi mwana wa nyanja. Munthu woima pa Senga Bay, akaona madzi akuthaŵa mchenga, adziŵe kuti mdima uli pafupi ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe.

Izi si zachilendo. Kuyambira 1915 kufikira m'zaka za m'ma 1930 nyanja idatsika kotero kuti Shire adaleka kutulutsa madzi. Itatsikanso mu 2016 ndi 2017, magetsi ankazima tsiku lathunthu, ndipo mu 2018 tidabwereka majenereta a dizilo kwa Aggreko. Iwo adathandizadi, koma dizilo ngwogula kunja ndi ndalama zosoŵa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 nazimirira usiku umodzi. Chilala chitilanga, chigumula chitilanganso.

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nchifukwa chake tiyenera kuyang'ana ku Salima, kumene dzuŵa lomwe limaŵaula chimanga lasanduka chuma. Mu 2021 kampani ya JCM idatsegula kumeneko munda wa magalasi otapa mphamvu ya dzuŵa, wotulutsa mamegawati 60, oloŵa m'mawaya a ESCOM. Masana dzuŵa likamagwira ntchito, madzi angathe kusungidwa kuti adzagwire ntchito madzulo.

Komabe tisadzinamize. Dzuŵa limaloŵa pa nthaŵi yomwe amayi akuteleka mphika ndi ana akutsegula mabuku. Popanda mabatire osungira mphamvu, onga amene adaikidwa pa Golomoti ku Dedza mu 2022, magalasi aja usiku ngogona. Asodzi a usipa adazindikira kale nzeru imeneyi: ambiri adasiya nyali za palafini, nayamba kuŵalitsa nyanja ndi nyali za batire lodzazidwa masana.

Ziliponso njira zina. Ku Dwangwa ndi ku Nchalo makoko a nzimbe amatenthedwa napereka magetsi a pafakitale, ndipo Salima nayo ili ndi fakitale ya shuga. Mwera umene umagwetsa mabwato m'nyengo yachisanu ukuyembekeza woutchera msampha.

Funso lotsala ndi ili: kodi mudzi woyandikana ndi magalasi aja udzaleka liti kugona mumdima, mawaya akudutsa pamwamba pa madenga ake? Tidzaliunika m'gawo lotsatira.