Zigwa za Likulu ndi Anthu Oyenda Pansi

Pamene Boma linatsimikiza mu 1965 kuti likulu la dziko lichoke ku Zomba kunka ku Lilongwe, akatswiri amene anajambula mapu a mzinda watsopanowo anasiya zigwa za mitsinje zopanda nyumba. Cholinga chao chinali chakuti madzi a dzinja apeze poyenda, ndiponso kuti mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ilekanitse dera lina ndi linzake. Nkhalango ya pa Lingadzi, pakati pa City Centre ndi tauni yakale, ndiyo mboni yotsala ya maganizo amenewo. Likulu linasamukadi mu 1975, koma anthu anachuluka kuposa mapuloti amene bungwe la Capital City Development Corporation linadula ku Area 25 ndi kwina. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unapezeka ndi anthu 989,318. Osowa malo anamanga ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Mtandire, ndipo ena anatsikira m'zigwa zomwe zija.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire ndi ku Area 47, kufikira asilikali anapulumutsa ana ena ndi helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anawononga nyumba ku Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale, ndipo anthu anataya miyoyo. Mu Januwale 2019 anabweranso kumbali yomweyo.

Tsono pa nkhani ya miseu palibe angakane kuti ntchito yagwirika. Mseu wolambalala tauni cha kumadzulo unachotsa magalimoto ambiri a katundu pakati pa mzinda. Mu 2020 unatsegulidwa mseu wodutsana pamwamba ku Area 18. Mseu wa Kenyatta unakuzidwa. Ndipo mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ku tauni yakale unamangidwanso ndi chithandizo cha dziko la Japan. Zonsezi nzoyamikika. Koma tifunse: kodi mwa antchito a Boma ndi aphunzitsi amene awerenga tsamba lino, ndi angati apita kuntchito pa galimoto lao? Kalaliki wa ku Kawale, mphunzitsi wa ku Biwi, mwana wa sukulu wa ku Area 23, onsewa adziwa njira zachidule zotsikira kudambo ndi kukwera tsidya lina. Njira zimenezi siziri pa mapu, chikhalirecho ndizo zinyamula anthu ochuluka m'mawa uliwonse. M'chilimwe munthu alumpha pa miyala. M'dzinja aima pagombe kudikira kuti madzi aphwe, kapena azungulira mtunda wautali nalipira minibasi ndalama imene sanaiwerengere; ndipo mphunzitsi akafika m'kalasi apeza mipando ina iri yopanda eni.

Umboni wakuti anthu afuna powolokera uli pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu, pamene anyamata anakhoma timilatho ta mitengo pa mtsinje wa Lilongwe nayamba kulipiritsa owoloka. Ena aseka timilathoti. Ife sitiseka, pakuti eni akewo anaona chosowa chimene olemba mapulani anachilambalala.

Ife tiganiza kuti Khonsolo ya Mzinda ichite kalembera wa njira zoterezi, iyambe kumanga milatho ya oyenda pansi pa madooko amene ana a sukulu awolokapo, ndi kulambula njira yooneka m'mbali mwa mtsinje uliwonse. Njira yotere ikhala ngati malire: munthu sangakumbe maziko pamene anzake apondapo tsiku ndi tsiku osaonedwa. Komanso mlatho sukhalitsa ngati okumba mchenga ndi oumba njerwa apitiriza kudya gombe limene waimapo, ndi ngati zinyalala za m'misika zitsekabe ngalande. Apa mpamene mafumu a m'mataunishipi ndi makhansala ayenera kufunsidwa, makamaka aja amene agawa malo m'dambo alikudziwa bwino lomwe pamene madzi anafika mu 2017.