Ngongole ya ku Chipata Ibwezedwe!

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma tiinena ndithu. Alipo ena pakati pathu amene anapalana ubwenzi wa malonda ndi anzathu a ku Chipata. Iwo amatumiza mtedza, anzathuwo amatumiza zitenje pa ngongole, popanda kalata, popanda mboni, pongokhulupirira mau a pakamwa. Lero zitenje anagulitsa, ndalama anadya, foni anazimitsa. Ati khoti la ku Zambia silingawapeze kuno. Ife tikuti kumeneko ndi kuba, ngakhale wakubayo avale jekete.

Kodi anakukakamizani ndani? Palibe mfumu, palibe msilikali amene anakugwirani dzanja. Munapita nokha, munadya nsima pakhomo pao, munati "achimwene, musadere nkhawa." Pangano lolowa mwaufulu limamanga koposa la pa pepala, pakuti chikole chake ndi dzina lanu.

Tamva chodzikanira chao. Akuti mu November 2023 kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, chotero ngongole ya m'kwacha ya ku Zambia inatupa usiku umodzi. Zoona, zinatipweteka tonse. Koma munthu woona mtima amakwera galimoto, nakakhala pansi ndi mnzake, nati, "Zandivuta, ndizibweza pang'onopang'ono, kapena landirani matumba a mtedza." Wothawa sanagwetsedwe ndi kwacha iai, mtima wothawa anali nao kale.

Maboma achita mbali yao. Kuyambira 2010 pali dongosolo la COMESA lopeputsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono. Mu December 2022 anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, kuti munthu asaime kawiri. Koma chidindo cha pa chipata sichingabweze ngongole ya munthu. Ndipo tsidya lija si achilendo: ndi anthu amene timakumana nao ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mudzawayang'ana ndi maso otani?

Choipitsitsa ndi ichi: mmodzi akathawa, a ku Chipata satchula dzina lake, amati "Amalawi." Mai wosalakwa wa mpamba wochepa akapita mawa, amamuuza kuti ayambe waonetsa ndalama.

Chotero aliyense amene ali ndi ngongole tsidya lija abwere ku msonkhano wa nthambi ukubwerawu, anene kuchuluka kwake ndi tsiku lobwezera, mlembi alembe. Amene akuopa kupita yekha, akulu awiri amperekeza.