Malaya a olenji sazimitsa moto wa tchire

Kukwera mapiri kwalowa m'fasho pakati pathu. Ikangofika Ogasiti, magulu a ophunzira a pa WhatsApp amadzaza ndi maposita a maulendo a ku Mangochi: kukwera mapiri a ku Cape Maclear m'mawa, kusambira masana, kuotcha chambo usiku. Zimenezi n'zabwino ndipo zisathe. Chimene chikundinyansa ndi malangizo a chitetezo amene okonza maulendowa amatumiza. Ena amangokopera pa intaneti zimene analemba anthu a ku America, n'kuzimata m'gulu osasintha ndi chilembo chomwe. Munthu akupita kwa Nankumba, koma akuuzidwa kuti avale malaya a mtundu wa olenji kuti alenje amfuti asamuyese gwape, ayang'anenso pa kalendala ya boma tsiku lotsegulira nyengo yosaka. Kalendala yake iti? Ya boma liti?

Malangizowo si opusa kwawoko. Ku Wisconsin, mwachitsanzo, nyengo yosaka agwape ndi mfuti imalengezedwa ndi boma, imakhala masiku 9 kumapeto kwa Novembala, ndipo lamulo limakakamiza alenje kuvala zovala zowala kwambiri kuti aziwonana. Kumeneko choopsa chachikulu ndi chipolopolo cha munthu amene sanakuone bwino, choncho mankhwala ake n'kuoneka. Kwathu kuno matenda ndi ena. Kumwa mankhwala a mutu pamene chikukupweteka ndi mwendo si kusamala ayi, ndi ulesi wa maganizo, ndipo ulesi umenewu tsiku lina udzavulaza munthu.

Nyengo yosaka ilipo ku Mangochi, kungoti salengeza pa wailesi. Asodzi a kumwera kwa nyanja amadziwa kuti Novembala ikafika makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, ndipo boma limanena poyera. Kumtunda kulibe zoterozo. Nyengo yosaka imayamba yokha anthu akakolola, udzu ukauma, kuyambira cha mu Julayi mpaka mvula yoyamba. Chizindikiro chake ndi utsi pa phiri. Ndi miyezi yomweyi imene ife timakonda kuyenda chifukwa kulibe matope ndipo zithunzi zimatuluka bwino. Ife ndi alenje timasankha miyezi imodzi, mapiri amodzi, nthawi zina njira imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadziwa pamene pali chiyani, ife sitidziwa.

Choopsa choyamba ndi moto. Anthu amatentha tchire pofuna kuvumbulutsa akalulu, nchenzi ndi agwape, pofuna kuti mauna a mbewa aoneke, pofula njuchi, kapena pososerera minda. Amene wayatsa moto kumunsi kwa phiri sadziwa kuti pamwamba pali ana asukulu makumi awiri akujambulana. Moto umathamanga kwambiri ukamakwera kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amaweramira udzu wa kumtunda n'kuutenthetseratu usanayake. Ozimitsa moto ku Australia amaphunzitsa kuti chitunda chikapendekeka madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri. Onjezanipo mwera wa mu Julayi ndi Ogasiti, kapena kutentha kwa mu Okutobala pamene tsekera wauma ngati pepala. Munthu wothawira kumtunda moto uli kumbuyo kwake waluza kale mpikisanowo. Wanzeru amapita cham'mbali, amafuna thanthwe lalikulu lopanda udzu, kapena amalowa pa lupsa pamene moto wadutsa kale. Ndipo majezi athu a mpira a nayiloni aja amasungunukira pakhungu. Malaya a thonje ndi amene amafunika. Mfundo zimenezi simudzazipeza pa poita ya ulendo, chifukwa amene anailemba amaganiza za mfuti.

Chachiwiri ndi misampha. Khwekhwe wa waya, kawirikawiri wopangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga, amatcheredwa pa kanjira kamene nyama imadutsa popita kumadzi. Tinjira timeneti ndi timene ife timatcha njira yachidule. Kuti mumvetse kuchuluka kwake, taonani ku Liwonde, kumwera kwa Mangochi: kuyambira mu 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo, alonda anachotsamo misampha ya waya yoposa 30,000. Imeneyo ndi nkhalango yokhala ndi mpanda ndi alonda amfuti. Nanga m'mapiri amene mulibe woyenderamo tsiku ndi tsiku? Waya alibe maso, saona mtundu wa malaya. Ukakugwira mwendo n'kuyamba kukoka, umamangitsa. Choyenera n'kukhala pansi, kubwezera mwendo kumene waya wamangidwa kuti ukhwefuke, mnzako n'kuumasula kapena kuudula ndi pulayala. Bala lake lifunika kutsukidwa bwino n'kukaonetsa kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Ndipo ife amene timapita ku Cape Maclear kukaona tinsomba tokongola totchedwa mbuna tizikumbukira kuti m'Chichewa mawu omwewo amatanthauzanso dzenje lokwiriridwa ndi masamba lokolera nyama.

Chachitatu ndi agalu. Uzimba umayenda ndi agalu, ndipo galu amene wamva fungo la nyama sakhala pa ulemu ndi mlendo. Osathawa, osakuwa, imani pamodzi mpaka mwini wake afike. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Monkey Bay kaya pa boma ku Mangochi, mukafunse za katemera wa chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Amene amati “kangokanda pang'ono” n'kubwerera kukavina kugombe akuseweretsa moyo.

Chachinayi sitikonda kuchitchula: ife eni ake tikhoza kuyesedwa alenje. Mapiri ambiri amene timakwera ali m'malo otetezedwa. Mapiri a ku Cape Maclear ali mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Phiri la Mangochi, pamene pali mabwinja a linga la atsamunda la m'zaka za m'ma 1890, lili m'nkhalango ya boma imene African Parks inayamba kuyang'anira mu 2018. Namizimu ndi Phirilongwe nazonso ndi nkhalango za boma. Lamulo loteteza nyama zakutchire, litakonzedwanso mu 2017, limafika mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu, ndipo alonda salondera ndi manja okha. Gulu lolowera kumbali pothawa kulipira pachipata, litanyamula zikwanje zolambulira njira, madzulo kukuda, likufuna kuti mlonda aganize chiyani? Chitupa cha kuyunivesite sichiwala mumdima.

Tsono taonani zinthu zinayi zonsezi. Palibe chimodzi chimene foni ingakuuzeni. Mapu a pa Google sasonyeza kumene anyamata akukayatsa moto mawa, kapena khwalala limene muli waya. Nkhani imeneyi ili m'kamwa mwa anthu: mayi wotola nkhuni, mnyamata woweta mbuzi, nyakwawa, mlonda wa pachipata. Anthu a ku Chembe, ku Msaka, ku Mvunguti ndi ku Zambo anali pomwepo malowo asanatchedwe paki. Amadziwa phiri lawo monga mmene inu mumadziwira njira ya ku kafeteriya. Chitetezo chenicheni cha woyenda m'mapiri a Mangochi nthawi ya chilimwe ndi moni ndi funso. Ndipo apa ndi pamene ife ophunzira timagwera, chifukwa timadzimva.

Timafika pa minibasi nyimbo zili pamwamba, kudutsa m'mudzi tikuyankhula Chingerezi, osapereka moni, ngati kuti anthu okhala pakhondewo ndi mbali ya malo okongola amene tabwera kudzajambula. Kumadera a Ayao sitiyesa n'komwe kunena “Ajimwiche uli?” kwa agogo amene tawapeza panjira. Tikabwerera timalemba pa Facebook kuti anthu akumudzi ndi osaphunzira, akuwononga chilengedwe. Koma pa ulendo womwewo tinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu n'kugula mpani wa mbewa, ndipo chambo chija tinaotcha ndi makala ochokera m'mapiri omwewo. Moto umene timaudandaula timaulipira ndi ndalama zathu. Munthu sunganyoze eni dera m'mawa n'kuyembekezera kuti masana akuchenjeza za khwekhwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Muti kusaka m'nkhalango ya boma n'kuphwanya lamulo, kutentha tchire n'kuphwanya lamulo, ndiye bwanji ine wosalakwa ndizipembedza olakwa? Zoona, ndipo sindikuikira kumbuyo waya. Waya amapha chilichonse chodutsa, nyama imavutika masiku ambiri, ndipo moto wa chaka ndi chaka ukusiya mapiri athu ambee, dothi n'kukokolokera m'nyanja momwe chambo chimaswana. Koma kukhala wolondola pa lamulo sikumasula mwendo. Komanso si aliyense wotchera msampha amene ndi chigawenga. Misampha yambiri imakhala m'mphepete mwa minda. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri ku Mangochi, sadya nguluwe, koma nguluwe ikafuna chinangwa sifunsa chipembedzo cha mwini munda. Anthu a ku Phirilongwe anakhala zaka akulimbana ndi njovu zimene zinkawononga mbewu ndi kupha anthu, mpaka mu 2009 pamene njovu 83 zinasamutsidwira ku Majete. Munthu amene wakulira m'moyo wotero akamatchera kumunda kwake sakuganiza za ulendo wanu wa Loweruka.

Ife a maphunziro a mbiri ndi chikhalidwe tiyenera kudziwa bwino kuposa anzathu. Timawerenga m'kalasi mmene malamulo a atsamunda, kuyambira m'zaka za m'ma 1890, anasandutsira mlenje wakuda kukhala wakuba pamene mzungu wogula chiphaso ankatchedwa katswiri wa masewera. Brian Morris analemba buku lonse, The Power of Animals, lofotokoza mmene Amalawi amakhalira ndi nyama, kusaka mbewa ndi uzimba zili momwemo. Timakhoza mayeso pa nkhani zimenezi, kenako timakwera phiri ndi maso omwe aja a bwanamkubwa, kuona dziko lokongola lopanda anthu. Maphunziro otero ndi a papepala basi.

Ena muti wolondolera njira ndi wodula, ndife ana asukulu. Tiyeni tiwerengere. Mwalipira minibasi kuchokera ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mwalipira malo ogona, zakumwa, bandulo ya intaneti yoponyera zithunzi. Pa anthu makumi awiri, kusonkherana ya munthu mmodzi wa m'deralo ndi ndalama imene aliyense sangaimve. Ku Cape Maclear olondolera alendo alipo ndipo amadziwika, ofesi ya paki ili pomwepo. Ndalama imeneyo imagula zambiri kuposa njira. Imagula munthu amene akaona utsi adziwa ngati ukubwera kuno kapena ukupita uko, amene agalu ndi eni ake amamudziwa, amene akhoza kuthamangira kumudzi wina akathyoka mwendo pamalo opanda netiweki. Imaonetsanso mudziwo kuti phiri losapsa limabweretsa ndalama. Palibe phunziro la zachilengedwe loposa limenelo.

Choncho kwa inu okonza maulendo, kaya muli ku Chanco, ku Bunda, ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuni, fufutani zokopera zija mulembe zathu. Dzulo lake la ulendo, awiri apite kwa amfumu kapena ku ofesi ya paki kukanena kuti mawa tikwera, tilipo angati, tibwera nthawi yanji, n'kufunsa kumene kukutenthedwa ndi kumene kuli misampha. Loŵani pachipata, lipirani. Nyamukani mbandakucha kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale mutatsika, chifukwa moto umalusa masana mphepo ikadzuka. Yendani pa njira yaikulu, mondondozana, osapatukira m'tinjira ta nyama. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali, chitedze nachonso chimakhala chitakhwima nyengo imeneyi. Nyamulani madzi okwanira, sopo ndi pulayala. Mukaona utsi kumunsi kwanu, ulendo wathera pomwepo, ngakhale pamwamba patatsala pang'ono. Mukapeza msampha m'paki, kumbukirani malowo mukauze alonda, osayamba ungwazi. Osuta fodya asiye machesi kugombe. Malaya owala valani ngati mukufuna, amathandiza kuti anzanu akuoneni mukasochera, koma ntchito yake ndi yomweyo basi.

Akuluakulu a nthambi za nkhalango ndi nyama zakutchire nawonso ali ndi gawo. Ngati boma limatha kulengeza kutsekedwa kwa nyanja, likhoza kulengezanso miyezi ya moto m'mapiri, kudzera pa wailesi za m'deralo monga Dzimwe, n'kuika zikwangwani za Chichewa ndi Chiyao poyambira njira zodziwika. Dziko limene likuitana achinyamata ake kuti aziyendera malo okopa alendo liyenera kuwauzanso zoona za malowo.

Koma tisadikire chikwangwani. Chilimwe chikubwera, poita ya ulendo wina ikulembedwa pompano pa foni ya wina wa ife. Amene mukuilemba, ikani mzere umodzi pamwamba pa mtengo wa ulendo: dzina la mudzi umene mukapemphe njira, ndi ndalama ya munthu amene akakutsogolereni. Ngati mzere umenewo palibe, anzanga, musalipire.